Lipoti linati nambala 96, koma silinandiuze kuti mwana sadziwa kuwerenga

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yanuyi ndiyankhule ndi makolo anzanga, makamaka ife a kuno ku Kasungu amene lipoti la mwana likabwera timangothamangira kuona nambala, tikaona kuti ali kumchira nkuyamba kukalipa, mawa lake taiwala mpaka teremu ina. Ine ndine telala, makina anga ali pakhonde la golosale ina pa Santhe, sukulu ndinalekezera Fomu 2 nde musayembekezere Chichewa cha m'mabuku ayi, ndilemba momwe ndimayankhuliramu.

Ndikusunga mwana wa mlongo wanga, mnyamata, pano ali ndi zaka 11. Dzina ndisatchule, anzake angamamuseke. Mayi ake ndi bambo ake omupeza amayendera ntchito ya fodya m'maesiteti, chaka chino ali cha ku Chamama, chaka chamawa mumva kuti ali ku Mkanda ku Mchinji, moti mwanayu pofika zaka 10 anali atalowa kale sukulu zitatu. Mlongo wangayo anachita kundiimbira yekha kuti achimwene mutengeni mwanayu azikhala kwanuko, kuno sukulu sikuyenda, akangotalika pang'ono basi azingosoka fodya. Ndinamutenga, yunifomu ndinamusokera ndekha, nkukamulembetsa Sitandade 4 pa sukulu ina yapafupi.

Teremu yoyamba itatha lipoti linabwera, nambala 96 mwa ana 118. Ndinapsa mtima. Ndinamuitana kuti tenga buku lako la Chichewa undiwerengere, ndione ngati makope ndi sopo ndikugulazi zikungopita pachabe. Anatenga, anatsegula tsamba lina lokhala ndi chithunzi, nkuyamba kuwerenga bwinobwino chala chikuyenda pansi pa mizere, osakakamira olo pamodzi. Nde ine ndinati aaa, mwana wowerenga chonchi nkukhala nambala 96? Ndi ulesi basi, ndi mpira wachikulunga uja amakhalira kuseri kwa msika. Ndinathyola kamkwapulo. Ndikuvomera pano pagulu kuti ndinamukwapula, ndipo mpaka lero ndikakumbuka chimandiwawa chifukwa mwana uja sanalire mokuwa, anangoti "Pepani amalume" basi.

Zenizeni ndinazidziwa mwangozi, Loweruka lina mu Januwale ntchito itandipanikiza. Ndinali ndi mapini kukamwa, manja onse ali pa nsalu, nde ndinamuuza kuti tsegula kope la maoda uone thalauza la buluu lija ndi la ndani, nkumulozera ndi chibwano pamzere pake. Zii. Ine ndikumuyang'ana, iye akuyang'ana kope, milomo ikugwedera koma mawu osatuluka. Panalembedwa kuti Phiri, malembo asanu okha, mfunda womwe ukaitana pamsika pano amacheuka anthu khumi. Anati "pa... pe...", kenako nkungoponya kuti "Petulo". Ndinati mwina ndi kalembedwe kanga koipaka, nde ndinatenga choko chodulira nsalu nkulemba pa simenti ndi malembo akuluakulu kuti mbuzi. Anadziwa m, anadziwa i, zapakatizo ayi.

Madzulo ake ndinatenga buku lake lija nkuphimba chithunzi ndi kachigamba, kenako nkuloza mawu amodzi pakati pa mzere wachitatu kuti awa akuti chani. Mukudziwa chomwe anachita? Anabwerera pamwamba penipeni nkuyamba tsamba lonse poyambira, moimba, mpaka kudzafika pomwe panali chala changa. Mwana uja samawerenga. Buku anali ataliloweza pamtima ngati nyimbo ya ku Sande sukulu, chala chija chimangoyenda mwamwambo.

Apa mpomwe ndikufuna makolo anzanga mumvetse. M'kalasi ya ana opitirira 100 aphunzitsi amawerenga mzere, ana onse nkubwereza pamodzi mokweza, kawiri katatu, nde mwana wochenjera amangotsatira pakamwa pa anzake ndipo palibe angamugwire. Ndikuti wochenjera chifukwa mbutuma singaloweze masamba onse aja. Ana amenewa amabisa vuto lawo ndi nzeru zawo zonse poopa manyazi ndi mkwapulo, homuweki amakopera m'mawa panjira, pena akuti cholembera chatayika, tsiku la mayeso m'mimba mwayamba kupota, ife nkumati ana a masiku ano ndi opulupudza.

Nditakhala pansi nkuwerengetsa zaka zake, zinthu zinayamba kumveka. Sitandade 1 anayamba mu Sepitembala 2019. Pa 23 Malichi 2020 boma linatseka sukulu zonse chifukwa cha Covid, ana ang'onoang'ono anadzabwerera cha mu Okutobala, miyezi yoposa sikisi ali pakhomo, nthawi yeniyeni imene mwana amayenera kugwira a e i o u ndi ma me mi mo mu. Ku esiteti kunalibe olo munthu womuonetsa lembo limodzi. Atabwerera anangokankhidwira kutsogolo limodzi ndi anzake. Zaka zotsatirazo miyezi ya Januwale mpaka Malichi sukulu sankaiona bwinobwino, paja ndi nthawi yothyola fodya, kusoka, kupachika m'chigafa, wina azilera khanda mayi ali kumunda, kuonjezera apo mitsinje yadzaza, malungo, ndi njala ya Febuluwale ija tonse timaidziwa. Sitandade 3 anabwereza inde, koma kubwereza kwake kotani? Buku lomwelo, malo omwewo kumbuyo, kuimba komweko. Ife atelala timadziwa kuti makina ukhoza kuwapalasa tsiku lonse phokoso lili gwegwegwe, koma ngati mu bobini mulibe ulusi, ukadzanyamula nsalu upeza ili chomwecho yosasokeka.

Chinthu chachiwiri anachitulukira ndi mayi a kunyumba. Iwo anaona kuti chitenje chomwe amatsamira usiku chimakhala ndi madontho achikasu onunkha, komanso ukamuitana uli kumanzere kwake sayankha, ukamayankhula naye amapendeketsa mutu ngati nkhuku yaona kabawi. Ine ndinkati ndi mwano. Kumufunsa, akuti khutu limatuluka mafinya kuyambira kalekale, likayamba amayi amangoikamo thonje, pena timafuta tophikira. Agogo ake atamva zoti mwana sakuwerenga anali atagamula kale mlandu, akuti pali anthu anamutseka mutu chifukwa cha nsanje, tipite naye kwa asing'anga ena ake akutali ndithu, nkhuku ndi ndalama zili m'manja. Sindinakangane nawo, munthu sukangana ndi mayi ako pa zinthu zimenezi, ndinangoti amayi tiyambe taonana ndi achipatala kaye, kwinako tidzapita zikakanika. Kuchipatala anamuunika ndi katochi nkutiuza kuti khutu likamatuluka mafinya nthawi yaitali chonchi kachikopa kam'kati kamakhala kobooka ndipo mwana amamva mwapatalipatali. Anatiphunzitsa kupukuta ndi kansalu koyera kopota, anatipatsa mankhwala odonthezera, nkutiletsa zothiramo mafuta, zotokosa ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi, komanso akuti madzi asamalowe posamba. Zaka zonsezi mwana amaphunzira ndi khutu limodzi, ife tikumutcha wamwano.

Lolemba lake ndinaphimba makina nkupita kusukulu, ndipo ndisaname ndinapita ndi ukali, mawu ndinali nditakonzeratu panjira. Ndinapempha ahedi kuti ndione kalasi. Ana ali pansi pa simenti mpaka kukhomo, miyendo yopinda, makope pa maondo, bolodi yotuwa moti choko sichioneka bwino, wanga ali kumbuyo kwenikweni pakona ndi anyamata anzake akuluakulu, paja wamtali amakhala kumbuyo, ndipo momwe anakhalira khutu lodwalalo ndi lomwe linaloza kwa aphunzitsi. Nthawi yomweyo kunayamba kamvula pa malata. Ine wa makutu awiri abwinobwino sindinkamva zomwe madamu amanena.

Pa buleki ndinayamba, "Madamu, mwana wangayu mukumuphunzitsa chani, zaka 10 osatha kuwerenga mbuzi?" Iwo sanakwiye ayi. Anangoti, "Bambo, takhalani kaye pansi. Mitu ili m'kalasimu mwaiwerenga? Ngati wanuyu ndili nawo ambiri, koma inu ndinu kholo loyamba chaka chino kubwera kudzafunsa za kuwerenga, ena amabwera mwana akamenyedwa ndi mnzake kapena akataya nsapato." Ukali wonse unathera pomwepo. Unduna wa Zamaphunziro umanena kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, awa anali ndi pafupifupi kawiri kake, makope 118 oti achonge, nde olo atakhala mngelo, mwana aliyense angamupatse mphindi zingati?

Nditawauza za khutu anamusamutsa tsiku lomwelo, kutsogolo, mbali yoti khutu labwino liloze kwa iwo. Anandibwereka buku la Sitandade 2, ndinasainira, nkundilangiza chinthu chomwe ine sindinkachidziwa. Akuti musakamuyambitse ndi ei bi si di, chiyambire pulogalamu yowerenga ya boma ija mu 2016 ana timawaphunzitsa liwu la lembo kaye, kenako kuphatikiza, m ndi a ma, kenako maphatikizo awiri atatu apange mawu. Akuti Chichewa nchokoma pamenepo chifukwa chimalembedwa momwe chimamvekera, mwana akangogwira maphatikizo zinazo zimabwera msanga. Tinagwirizananso kuti pakatha masabata awiri aliwonse azindilembera kamzere kumapeto kwa kope lake kuti tsopano limbanani ndi chakuti, ine nkumasainira pansi pake. Foni sinafunike, WhatsApp sinafunike, kope lomwelo linali mthenga wathu.

Nde tinayamba. Tsiku lililonse ikamakwana hafu 4, ndisanalowetse makina, mphindi 20 zokha osapitirira, chifukwa ndinaona kuti tikatalikitsa iye amayamba kuyasamula ine nkuyamba kukweza mawu, zikatero zaonongeka. Ndinatolera zitsekerero za mabotolo pa golosalepo nkulemba phatikizo limodzi mkati mwa chilichonse, ma, ta, ko, ni, lu, choncho, nkumazimwaza pa tebulo lodulira kuti azisanja yekha apange mawu. Sabata yoyamba zinali zolira, tsiku lina anathawa nkukabisala kwa aneba mpaka mdima, ine nkutsala ndi zitsekerero zanga ngati wamisala. Ndinamusiya, mawa lake sindinatchule nkomwe, tinangopitiriza. Sabata yachiwiri ndikupinda siketi ndinangomva mwana akuseka yekha chikhakhali, kuyang'ana, wasanja zitsekerero zitatu, ma ta ko. A Mkonzi mundikhululukire, koma amenewo ndi mawu oyamba omwe mwana wa mlongo wanga anapanga yekha nkuwerenga yekha pa moyo wake, ndipo ndinamugulira mandasi awiri.

b ndi d amazisokonezabe mpaka pano akatopa. Koma chomwe chinatisautsa kwambiri ndi ka h kaja, pala ndi phala, kola ndi khola, kwa iye zimamveka chimodzimodzi, ndikuganiza kuti ndi chifukwa cha khutu lija. Ndinachita kumaika dzanja lake pafupi ndi pakamwa panga kuti azimva kamphepo kakutuluka ndikati pha, ndikati pa kulibe, makasitomala akudutsa nkumadabwa kuti atelala ayamba zotani. Kenako inabwera ng'oma ndi ngoma, kachizindikiro kapamwamba kaja. Mawu oti nkhwangwa anatitengera sabata yathunthu, ndinafika podana nawo.

China ndi manyazi, ndipo ichi makolo ambiri sitichiganizira. Mnyamata wamkulu kale kumuona ndi buku la Sitandade 2 anzake akudutsa pamsewu, sizingatheke, tsiku loyamba analibisa m'malaya. Ndinalisokera chikuto cha nsalu yotsala ya suti, lakuda bii ngati Baibulo, ndipo tinkakhala kuseri kwa khonde. Pano ndinamupatsa udindo woti aziphunzitsa msuweni wake, mwana wanga wamkazi yemwe wangoyamba kumene sukulu, ndipo mukamumva akuti "Iwe tamvetsera, pha ali ndi mphepo" mungati ndi ahedi. Pophunzitsa mnzakeyo nayenso zikukhazikika.

Buku la madamu lija titalimaliza tinasowa chowerenga, pakhomo panga kupatula Baibulo ndi buku la nyimbo palibe pepala lina la Chichewa, nyuzi zokulungira nsomba nazo zambiri ndi za chizungu. Nde ndinagula kope la masamba 40, madzulo agogo ake akamakamba nthano za kalulu ine ndimalemba ndi malembo akuluakulu, ziganizo zifupizifupi, mawa lake iye aziwerenga. Apa ndinatulukiranso kanthu kena. Mwana akhoza kutchula mawu onse molondola koma ukamufunsa kuti nanga kalulu anathawira kuti, ali duu, mphamvu zonse zathera potchula. Nde ndime iliyonse timaiwerenga kawiri, koyamba kulimbana ndi mawu, kachiwiri kumva nkhani, kenako atseke kope andiuze ndi pakamwa pake. Pa holide ya Isitala tinapuma masabata awiri poti ndinali ndi maoda a kwaya, potsegulira ndinapeza zina zauluka, tinachita kubwerera m'mbuyo. Pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku ndi momwe zimagwirira, osati maola atatu Lamlungu lokha.

Masamu anandidabwitsa. Pa lipoti anali ndi 22, koma mutumeni ndi K5,000 kukagula ulusi, zipi ndi mafuta a makina, amabweza chenji chokwana ndipo wogulitsa akalakwitsa amamuuza pomwepo. Amalephera chifukwa funso lenilenilo samatha kuliwerenga. Ma taimusi tinaphunzira ndi mabatani, malaya 6, aliwonse mabatani 5, ndikupatse angati, masentimita anawadziwira pa tepi yanga akuyeza ana odzasoketsa yunifomu m'chiuno.

Ndisaiwale za patitaimu, poti ndi komwe makolo ambiri timathawira. Ndisanadziwe zonsezi ndinalipira miyezi iwiri, K5,000 pamwezi, thukuta la mathalauza angapo limenelo. Tsiku lina ndinakasuzumira, ana oposa 40 m'kachipinda, wina akulemba manotsi pa bolodi iwo akukopera. Wanga amakopera bwino zedi, zolemba zake nzokongola kuposa zanga, koma amajambula malembo ngati momwe ungajambulire maluwa pa nsalu, osadziwa kuti akuti chani. Sindikunyoza ophunzitsa patitaimu, aliyense akusaka ya sopo, ndipo kwa mwana wodziwa kale kuwerenga mwina imathandiza, koma musanapereke ndalama afunseni kuti mwana wangayu mukamuyambira pati.

Za m'mimba ndingodutsapo poti tonse tikuzidziwa. Mwana wopita kusukulu osadya pofika 10 koloko amakhala akuodzera, ndipo si sukulu zonse zili ndi phala. Mtedza ndi soya kuno timalima tokha, kaphala ka mgaiwa kothira nsinjiro olo mbatata yotsala dzulo zimathandiza.

Tsopano ndiyankhule ndi akuluakulu a maphunziro. Ine ndine mmodzi mwa ana omwe tinakhamukira kusukulu mu 1994 a Bakili Muluzi atachotsa fizi ku pulayimale, nthawi imene chiwerengero cha ana chinachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndinaphunzira pansi pa mtengo wa mango ndipo ndimathokoza chifukwa bambo anga fizi sakanaikwanitsa. Koma papita zaka 30 ndipo kalasi ya mwana wa mlongo wanga ikufanana ndi yanga ija, kusiyana kwake malata okha. Chomwe chimandinyansa ine nchakuti mphamvu zonse pasukulu zimapita ku Sitandade 8. Aphunzitsi odalirika ali ku 8, madesiki ochepa omwe alipo ali ku 8, kuphunzira m'mamawa ndi pa holide ku 8, mayeso a moko ku 8, chifukwa zotsatira za MANEB zikatuluka aliyense amafunsa kuti apita angati ku sekondale ya Chayamba, angati ku sekondale za nashonolo. Palibe amafunsa kuti mwa ana a Sitandade 2 ndi angati akutha kuwerenga dzina la mnzawo wokhala naye pafupi. Chonsecho amene afika ku 8 aja ndi opulumuka chabe, anzawo ambiri anagwera m'njira, ali ku fodya, ali pa kabaza, atsikana ena anakwatiwa kalekale.

Mu Sitandade 5 ndi momwe muli phompho. Kuyambira pamenepo maphunziro amasanduka a m'Chingerezi, sayansi, sosho, zonse, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 pepala lolembedwa m'Chichewa ndi limodzi lokha, la Chichewa lomwelo. Nde taganizani mwana amene mbuzi ikumukanika m'chiyankhulo cha mayi ake, inu mukumupatsa manotsi a sayansi m'chizungu kuti akaloweze. M'boma lomweli, pa Mtunthama, pali Kamuzu Academy yomwe inatsegulidwa mu 1981 komwe ana amaphunzira mpaka Chilatini, ife kuno tikulimbana ndi pa ndi pha. Si nsanje ayi, ndangodutsamo.

Pempho langa kwa a PEA athu, alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale aja okhala m'ma TDC (malikulu a mazoni a sukulu), ndi ahedi silofuna ndalama zambiri. Pa lipoti paja muonjezerepo kamzere kamodzi kotiuza kuti mwanayu ali pati, akudziwa malembo okha, kapena maphatikizo, kapena akutha mawu, kapena ndime yonse nkufotokoza zomwe wawerenga. Nambala 96 inangondikwiyitsa ine, chochita sinandiuze. Kumuyesa mwana mmodzi payekha ndi mawu omwe sanawaonepo sizitenga mphindi ziwiri, amayi a Mother Group ndi a komiti akhoza kuthandiza kuyang'anira kalasi tsiku limenelo, olo ophunzira a ku Kasungu TTC akabwera kudzayeserera kuphunzitsa. Ku misonkhano ya PTA nakonso tatopa ndi nkhani za ndalama ya mlonda ndi njerwa za mpanda zokhazokha, tsiku lina mudzatiitane ndi ana athu, aliyense amve yekha mwana wake akuwerenga pepala lachilendo, muone ngati makolo sitisintha.

A zaumoyo nanunso, mumabwera kale m'sukulu ndi mankhwala a likodzo ndi njoka za m'mimba ana ali pamzere. Bwanji tsiku lomwelo osawaunikako m'makutu ndi kuwayesa maso ndi katchati kaja? Mwana wosaona kwenikweni amadziwika, ku Chilanga kuli sukulu yawo, ndipo ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu amasula aphunzitsi a ana a ulumali, koma uyu womva theka, uyu woona bolodi mwachimbuuzi, palibe amamuwerengera, amangokula ndi dzina loti mbutuma. Matabuleti ophunzirira ana a pulogalamu ya boma ya BEFIT omwe ayamba kufika m'sukulu zina ndi abwino, koma nawonso mwana amamvera m'mahedifoni, khutu lomwelo.

Pali anzanga ena pa Santhe pano amati iwe telala uli ndi mwayi unafika Fomu 2, ife sitidziwa ndi a yemwe, mwana timuthandiza bwanji? Zoona nzovuta koma musadzichotsere. Kuphimba chithunzi ndi dzanja sikufuna satifiketi. Mupatseni chinthu chomwe sanachiloweze, uthenga wa pa foni, chikwangwani cha pa chigayo, kapena buku la nyimbo la kutchalitchi atsegule vesi lachitatu la nyimbo yomwe inu mukuidziwa pamtima, mudzamva nokha ngati akuwerenga kapena akupeka. Tsegulani kope muone ngati muli inki yofiira, mukaona kuti masamba ambiri adutsa osachongedwa pitani mukafunse, mwaulemu, osati ngati ine muja. Mwana wa aneba wa ku sekondale mumuotchereko chimanga akhale naye mphindi 20. Ndipo inu a m'maesiteti, ngati kuli wachibale wokhazikika pafupi ndi sukulu msiyeni mwana kumeneko amalize chaka pamalo amodzi, kusamukasamuka pakati pa teremu kumatseka mwana mutu kuposa afiti omwe timawanamizirawo.

Wangayu panopa ali Sitandade 5. Lipoti lomaliza la mu 4 anali nambala 58 mwa 115, si zoti mayi a kunyumba angaimbire nthungululu pamsika, koma Chichewa anapeza 64 ndipo mafunso anawerenga yekha. Chingerezi ndiye chikutipweteka tonse awiri, inenso changa chija chinachita dzimbiri, tikuyendera dikishonale yakale yopanda chikuto yomwe ndinagula kwa ogulitsa mabuku pansi ku Kasungu boma. Khutu limauma nkuyambiranso, atiuza kuti tipite nalo ku chipatala chachikulu akalione bwino, ndikusonkhanitsa ya thiransipoti. Agogo ake akuti mwana watseguka mutu chifukwa cha mapemphero awo, ine ndimangovomera, ndipo madzulo amamuitana kuti awawerengere Masalimo poti maso awo anafooka. Maoda m'kope muja pano amalemba ndi iyeyo, dzulo walemba kuti talauza la a Piri, ma h onse awiri wawadya, ndamubwezera akonze.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi uthenga womwe mlongo wanga watumiza sabata yatha, ndipo anauwerenga ndi mwini wakeyo pa foni yanga ine ndisanauone. Akuti chaka chino awokera fodya wambiri, manja akuchepa, nde mwana akatsekera pa Khirisimasi apite akathandize, adzabwerera mu Malichi. Atamaliza kuwerenga anandiyang'ana nkufunsa kuti "Amalume, ndipita?" Ndamuuza kuti akaone amayi ake pa holide, koma tsiku lotsegulira lisanafike ndikamutenga ndekha olo pa njinga. Alamu anga sanayankhebe, ndipo ndikudziwa kuti nkhaniyi ikathera kwa akuluakulu a banja.

Telala wa pa Santhe,
Kasungu.